Munyati: Dera la Makomboni Opanda Minda

Mtsinje wa Munyati umayambira pa zitunda za pakati pa dziko la Zimbabwe, cha ku Chivhu, nulowera kumpoto chakumadzulo. M'njira umalandira madzi a Ngezi ndi a Sebakwe, ndipo ukakumana ndi Mupfure umasintha dzina n'kukhala Sanyati mpaka kukathira m'nyanja ya Kariba. Kuchokera pamenepo madziwo ndi a Zambezi. Amadutsa Cahora Bassa, amayenda pansi pa mlatho wa ku Tete, kenaka amasakanikirana ndi a Shire asanafike kunyanja yamchere. Choncho madzi a Munyati amatsikira kumene kunkachokera amuna zikwizikwi amene anakumba migodi ya m'mbali mwa mtsinjewu. Kusiyana kwake n'kwakuti madzi amafika chaka ndi chaka, pamene ambiri mwa amunawo sanabwererenso.

Wochokera ku Blantyre amalowa m'Zimbabwe pa chipata cha Nyamapanda, atadutsa Mwanza, Zobue ndi Tete. Akafika ku Harare amatenga msewu waukulu wopita ku Bulawayo. Amadutsa Norton, kenaka Chegutu, tauni imene kale inkatchedwa Hartley, kumene Kamuzu Banda ali mnyamata anagwirapo ntchito pachipatala asanapitirire ulendo wake wa ku Joni. Akapitirira Kadoma ndi Battlefields msewu umatsetsereka n'kuwoloka mtsinje, ndipo tsidya linalo ndiye chigawo cha Midlands. Pamenepo ndi pafupifupi makilomita 180 kuchokera ku Harare, ndipo kwatsala makilomita osakwana 30 kuti munthu alowe mu Kwekwe. Azungu ankalemba dzina la malowa kuti Umniati, koma khutu la Mchewa silivutika kumvamo nyama imene ife timati njati, anzathu a Chishona nati nyati.

Mabasi akuluakulu saima nthawi yaitali pa Munyati. Pali timagolosale, amayi ogulitsa tomato ndi chimanga chootcha m'nyengo yake, ndi anyamata ovala majombo amene matope ofiira a m'zovala zawo amanena okha kumene aswera. Chimene chinabala tauniyi chili chapatali pang'ono ndi msewu: nyumba yaikulu yopangira magetsi ndi moto wa malasha.

Ntchito yopanga magetsi pano inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo malowa anakulitsidwa pang'onopang'ono pakati pa 1946 ndi 1957 mpaka kufika pa mamegawati 120. Wowerenga wa ku Malawi ayerekeze ndi Kapichira, amene mphamvu zake zimangoposa pamenepa pang'ono. Damu la Kariba lisanayambe kupereka magetsi cha m'ma 1960, migodi ndi mafakitale a pakati pa dzikoli ankadalira kwambiri Munyati. Malasha ankabwera pa sitima kuchokera ku Hwange, mtunda wa makilomita pafupifupi 600, ndipo madzi ankatengedwa mu Munyati momwemu ndi mu Sebakwe. Panafunika anthu otsitsa malasha, osonkhezera moto, ochotsa phulusa, okonza njanji. Onsewa anawamangira nyumba m'mizere, ndipo tauni inabadwa motero: popanda mfumu ya mudzi, popanda manda a makolo, popanda munda. Lero makinawo ndi okalamba, ndipo m'zaka zapitazi akhala ali zii nthawi yambiri kusiyana ndi imene akhala akulira. Nyumba za m'mizere zija zikadali ndi anthu.

Chigawo cha pakati

Midlands ndi chimodzi mwa zigawo 10 za Zimbabwe. Kukula kwake ndi masikweya kilomita oposa 49,000, kutanthauza kuti chimaposa Chigawo cha Pakati cha Malawi, koma kalembera wa 2022 anapezamo anthu 1.8 miliyoni okha, ochepa kuyerekeza ndi a m'boma limodzi la Lilongwe. Likulu lake ndi Gweru, ndipo maboma ake ndi 8: Gweru, Kwekwe, Shurugwi, Zvishavane, Mberengwa, Chirumhanzu, Gokwe North ndi Gokwe South.

Msana wa dziko umadutsa cha ku Gweru. Mvula yogwa kumpoto kwa msanawo imalowera ku Zambezi, yogwa kummwera imatsata mitsinje monga Runde n'kukathira kwina. Gweru ali pamwamba kuposa Lilongwe, ndipo kuzizira kwake m'mwezi wa Juni ndi Julaye kumakumbutsa munthu za ku Dedza. Kulowera ku Munyati nthaka imatsika, mitengo ya mtundu wa mombo imayamba kusakanikirana ndi tsanya ndi mitengo yaminga, ndipo mvula imayamba kuvuta. Madera ambiri m'chigawochi amalandira mvula yosadalirika, yokhala ndi ng'amba pakati pa dzinja, kotero kuti mlimi wanzeru sasiya mapira, mawere ndi ng'ombe ngakhale mtima wake uli pa chimanga. Chilala cha 2023 mpaka 2024, chimene chinachititsa maboma a Zimbabwe, Zambia ndi Malawi kulengeza za ngozi yogwa mwadzidzidzi, chinapsereza minda yambiri kuno.

Chuma chenicheni cha Midlands chili pansi pa nthaka. Mtandadza wa mapiri wotchedwa Great Dyke, wotalika makilomita oposa 500, umadutsa m'chigawochi utanyamula miyala ya kuromu ndi pulatinamu. Ku Shurugwi kuli kuromu ndi mgodi wa pulatinamu wa Unki. Ku Zvishavane kuli Mimosa, ndiponso mgodi wakale wa asibesitosi wa Shabanie umene unaleka kugwira ntchito. Kuzungulira Kwekwe ndi golide. Azungu sanatulukire golideyu. Mgodi wotchuka wa Globe and Phoenix unakhomedwa zikhomo mu 1894 pamalo pamene eni dziko anali atakumbapo kale kwa zaka mazana, akumagulitsa golideyo kwa amalonda ochokera kunyanja.

Anthu ake nawonso ndi osakanikirana kuposa a chigawo china chilichonse m'dzikomo. Kummwera ndi kummawa, ku Mberengwa, Zvishavane, Shurugwi ndi Chirumhanzu, kuli Akaranga, amene ndi nthambi ya Ashona. Ku Mberengwa komweko kuli Alemba, odziwika ndi miyambo yawo ya zakudya ndi mdulidwe. Kumadzulo, ku Lower Gweru, Silobela ndi mbali zina za Zhombe, Chindebele chimamveka kwambiri. Kumpoto, ku Gokwe, eni nthaka akale ndi Ashangwe, ndipo cha kufupi ndi chigwa cha Zambezi kuli Atonga. Pamsika wa ku Kwekwe wogulitsa amatha kukuyankhani m'zinenero ziwiri m'chiganizo chimodzi, ndipo palibe amene amadabwa.

Nkhani ya Gokwe iyenera kuwakhudza alimi. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda linachotsa mabanja ambiri pa malo aakulu otchedwa Rhodesdale, kummawa kwa Kwekwe, pofuna kupereka malowo kwa alimi achizungu. Anawanyamula pa malole n'kukawatula m'nkhalango za Gokwe ndi Sanyati, kumene kunali kashembe ndi zilombo. Ashangwe anawapatsa dzina lakuti Madheruka, ndipo anthu amati dzinalo linachokera ku kulira kwa injini za malolewo. Thonje litafika m'zaka za m'ma 1960, obwerawa ndiwo analilandira msanga, mpaka Gokwe anasanduka nkhokwe ya thonje ya dziko lonse. Anavutika, inde, ndipo anachotsedwa mwankhanza. Koma kumene anawatulako anapatsidwa nthaka, ndipo pa nthakayo adzukulu awo akadalipo. Gulu lina la obwera, limene limalankhula chinenero chathu, silinapatsidwe ngakhale mzere umodzi.

Anthu a ku komboni

Migodi ya Rhodesia inkalipira pang'ono poyerekeza ndi ya ku Joni, ndipo Ashona ndi Andebele amene anali ndi minda ndi ng'ombe sankafuna kukhalitsa pansi pa nthaka. Ankagwira miyezi ingapo, msonkho ukakwana n'kubwerera kukalima. Eni migodi anafuna anthu ochokera kutali, oti sangathawire kwawo mvula ikagwa. Mu 1903 anakhazikitsa bungwe lolemba anthu ntchito limene ogwira ntchitowo analipatsa dzina lakuti chibalo, mawu amene mpaka lero m'Chichewa amatanthauza ntchito yakalavulagaga. Pambuyo pa nkhondo yachiwiri panabwera bungwe lina limene kwathu linkadziwika kuti Mthandizi, ndipo panali malole a Ulere onyamula anthu osalipira. Ambiri sanadikire zonsezi. Ankangonyamuka wapansi m'magulu, kuwoloka Zambezi ku Tete, kulowera ku Mutoko, akumagwira ganyu m'mafamu kuti apeze kamba wa ulendo wotsatira. Komiti imene boma la Nyasaland linakhazikitsa mu 1935 inayerekeza kuti anthu pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, ndipo inadandaula kuti midzi yatsala ndi amayi, ana ndi nkhalamba. Nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, njira inatseguka kwambiri.

Sanali Achewa okha. Munali Ayao, Atonga a ku Nkhata Bay, Atumbuka, Angoni, Alomwe, Asena, Ansenga ndi Achikunda, ena ochokera ku Tete ndi ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata. Kwa eni dziko onsewa anali amodzi: Manyasarande, kapena Mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ngakhale munthu atachokera ku Mzimba. Pansi pa mgodi ankamvana ndi akapitawo m'Chilapalapa, koma kukomboni chinenero chimene chinawalumikiza chinali Chinyanja. Amene anaphunzirako ku Livingstonia, ku Blantyre kapena ku Nkhoma anakhala makalaliki, amisiri ndi othandiza m'zipatala, ndipo zimenezi sizinawakondweretse ena mwa eni dziko. Amene anakhalitsa osabwerera kwathu tinawatcha matchona.

Anamanga moyo ndi zimene ananyamula m'mutu. Anakhazikitsa mabungwe a maliro, chifukwa chinthu choopsa kwa munthu wa kutali si imfa ayi, koma kuikidwa ngati chinyama popanda wolira. Anamanga mipingo, ndipo mpingo wa CCAP uli ndi sinodi yake ya Harare imene mizu yake ili ku Nkhoma. Ayao anabweretsa Chisilamu m'makomboni, ndipo mlendo wolowa mu Kwekwe sangalephere kuona mzikiti waukulu umene uli m'tauniyo. Anabweretsanso beni ndi gule wamkulu, amene kuno amamutcha zvigure. Loweruka kapena Lamulungu masana, m'makomboni akale monga Amaveni ku Kwekwe ndi Torwood ku Redcliff, ng'oma zikhoza kukudzidzimutsani ngati muli ku Mitundu. Nyimbo zake ndi za Chichewa, ngakhale oimba ena sanaonepo phiri la Dedza ndipo akamaliza kuimba amacheza m'Chishona. Ndinaona kuti Chichewa cha okalamba a kuno n'chaulemu kwambiri ndipo chasunga mawu amene ana a ku Ndirande sangawadziwe. Akamva kuti mwachokera ku Malawi safunsa za tauni. Amafunsa boma, kenaka mfumu yaikulu, kenaka mudzi, ngati kuti akufuna kuona ngati mapu amene bambo awo anawasiyira m'mutu akadali olondola.

Pali mfundo ina ya chikhalidwe imene ogwira ntchito zachitukuko saiganizira kawirikawiri. Amuna ambiri anakwatira akazi a komweko. Kwa Ashona ndi Andebele mwana ndi wa kuchimuna: mtundu wake, mfunda wake ndi malo ake olima zimachokera kwa bambo. Kwa Achewa, Ayao ndi Alomwe mwana ndi wa kuchikazi, ndipo munda amaupeza kwa amayi ake ndi atsibweni ake. Tsono mwana wa bambo wa Chichewa ndi mayi wa Chishona amagwa pakati. Kwa amayi ake amamuuza kuti kwanu ndi kwa bambo ako. Atati apite kumudzi kwa bambo akewo, akamulandira bwino ndi nkhuku, koma nkhani ya munda ikadzabuka adzamukumbutsa kuti iye ndi mwana wa kwina. Miyambo iwiri yonseyi ili ndi nzeru zake, ndipo uliwonse umasamala ana ake. Ikakumana motere, mwana amatsala opanda pogwira.

Fakitale ikazima

Malinga ngati kampani inali ndi moyo, vutoli silinkaoneka. Chitsanzo chachikulu ndi Redcliff, makilomita ochepa kummwera kwa Kwekwe. Fakitale ya zitsulo inayamba kugwira ntchito kumeneko mu 1948, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1980 inatchedwa Ziscosteel. Pachimake inkalemba anthu oposa 5,000 ndipo inali ndi mphamvu yopanga matani pafupifupi 1 miliyoni pa chaka. Kampani ndiyo inali mfumu, ankhoswe ndi boma. Nyumba, chipatala, sukulu, mabwalo a masewero, zonse zinali zake. Mu 2008 ng'anjo zinazima. Mgwirizano umene boma linachita ndi kampani ya ku India ya Essar mu 2011 sunabale kanthu. Mafakitale ena a ku Kwekwe amene ankadalira chitsulo cha Redcliff anafooka nawo, ndipo anthu a m'tauniyo akhala zaka zambiri akuvutika ndi madzi a m'mipopi.

Chaka chomwecho cha 2008 ndalama ya Zimbabwe inatha mphamvu kotheratu, moti penshoni imene munthu anaisonkhera zaka 30 sinkakwanira ngakhale thumba la ufa. Mshona kapena Mndebele wochotsedwa ntchito anali ndi kolowera. Ankakweza katundu pa lole n'kupita kumudzi, kumene mfumu ya mudzi, imene kuno amati sabhuku, inkamulozera pomanga ndi polima. Mdzukulu wa mtchona analibe kumudzi koteroko. Malo a m'midzi amagawidwa potsata mabanja olembedwa m'buku la sabhuku, ndipo dzina la agogo ake silinalembedwemo. Pamene minda ya azungu inkalandidwa ndi kugawidwa kuyambira mu 2000, ogwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi amene makolo awo anachokera kunja anapindula ochepa kwambiri, ndipo ambiri anataya ntchito ndi nyumba pakamodzi. Mu 2005, pa ntchito yogwetsa nyumba ndi misika yosavomerezeka imene inatchedwa Murambatsvina, anthu a m'matauni ankauzidwa kuti abwerere kumidzi kwawo. Kwa wobadwira ku Torwood, amene bambo ake anabadwiranso ku Torwood, lamulolo linalibe tanthauzo.

Si kuti salima. Aliyense wodutsa pakati pa Munyati ndi Kwekwe m'mwezi wa Januwale adzaona chimanga m'mbali mwa njanji, pansi pa nthambo za magetsi, kuseri kwa mipanda ya mafakitale. Timinda timeneti timadyetsa mabanja, koma mwini wake sangadzalemo mtengo wa mango kapena kukumbamo chitsime, chifukwa sadziwa ngati chaka chamawa adzaloledwa kulimanso. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'dera lomweli, pa Sherwood, ndi pamene pali fakitale ya Sable Chemicals, imene kuyambira mu 1969 inkapangira alimi a dziko lonse feteleza wobereketsa. Thandizo la boma la mbewu ndi feteleza, monga la ndondomeko ya Pfumvudza imene inafalikira kuyambira mu 2020 ndipo imafanana ndi ulimi wa mtayakhasu wa kwathu, limayenda ndi kaundula wa maina. Wolowa m'kaundula amafunsidwa chitupa.

Chilembo chimodzi pa chitupa

Kwa zaka zambiri zitupa za ana a obwera zinkakhala ndi chizindikiro chosonyeza kuti mwini wake ndi mlendo, ngakhale anabadwira m'chipatala cha mgodi. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa. Aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina kudzera mwa makolo anayenera kukana unzikawo motsata malamulo a dziko linalo, apo ayi ataya unzika wa Zimbabwe. Anthu osauka a m'makomboni, oti sanapondepo ku Malawi ndipo analibe pepala lililonse la kumeneko, anauzidwa kuti akakane chinthu chimene analibe. Ambiri anataya mwayi woponya voti. M'nyengo yomweyo Pulezidenti Robert Mugabe ananyoza anthu a m'matauni otsutsa boma lake powatcha opanda mfunda, mawu amene aliyense anadziwa kuti akulasa ana a obwera. Koma a Phiri, a Banda, a Mwale ndi a Mbewe mfunda ali nawo, ndipo ndi wakale ngati wa wina aliyense.

Malamulo oyendetsera dziko a 2013 anakonza zambiri papepala. Gawo 43 limati munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake limodzi linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye ankakhala m'dzikomo, ndi nzika mwa kubadwa. Gawo 6 limatchula zinenero 16 zovomerezeka, ndipo Chichewa ndicho choyamba pa mndandandawo. Wailesi ya boma ya National FM imaulutsa mapulogalamu m'Chichewa. Izi si zazing'ono, ndipo tiyenera kuziyamikira.

Komabe lamulo silifika lokha pakhomo. Kuti mwana alembedwe pamafunika chitupa cha mayi. Kuti mayiyo apeze chitupa pamafunika kalata ya kubadwa kwake, ndipo kuti apeze kalatayo amafunsidwa mapepala a makolo amene anamwalira kalekale, kapena abale oti amuchitire umboni, amene mwina ali ku Ntcheu ndipo sadziwa n'komwe kuti iye aliko. Lipoti la bungwe la Amnesty International la mu 2021 linasonyeza kuti vutoli likupitirira mibadwo, ndipo linatchula chiwerengero cha bungwe la UNHCR chakuti anthu pafupifupi 300,000 m'Zimbabwe ali pa chiopsezo chokhala opanda dziko. Si ana a obwera okha. M'madera a Chindebele a chigawo chino muli ana ndi adzukulu a anthu amene anaphedwa pa zipolowe za Gukurahundi m'zaka za m'ma 1980, amene imfa zawo sizinalembedwe. Boma linayendetsa kalembera woyendayenda mu 2022 ndipo ambiri anathandizika, koma nkhalamba yosayenda ndi mayi woopa maofesi safika pa mzere. Kwa ine, wogwira ntchito m'dera ngati limeneli amene amakhala tsiku lathunthu akuthandiza gogo mmodzi kusonkhanitsa mboni ndi makalata a ubatizo wachita chitukuko choposa msonkhano wa masiku atatu ku hotela.

Golide wa osauka

Ntchito zolembedwa zitatha, achinyamata analowa pansi pa nthaka paokha. Amawatcha makorokoza. Mudzawapeza m'migodi yakale imene makampani anaisiya, m'mafamu, ndi m'mitsinje ya Munyati ndi Sebakwe momwemo. M'gululi muli mitundu yonse, koma adzukulu a anthu a kukomboni ali ndi chifukwa chapadera chokhalamo: mgodi sufunsa chitupa, ndipo luso lodziwa mwala analiyamwira. Golide wa okumba ang'onoang'ono si wochepa ayi. M'zaka zambiri zapitazi iwowa ndiwo akhala akupereka gawo loposa theka la golide yense wogulidwa ndi boma.

Mtengo wake ndi wowawa. Mu Febuluwale 2019 madzi a mvula anasefukira m'migodi ya pa Battlefields, tsidya la kumpoto kwa mtsinje, ndipo mitembo 24 inatulutsidwa, anthu 8 okha ndiwo anapulumutsidwa amoyo. Mu Malichi 2023 pansi pa kalasi ya sukulu ya pulayimale ya Globe and Phoenix ku Kwekwe panagumuka ana ali m'kati, chifukwa okumba anali atafukula ngalande kunsi kwa sukuluyo. Ana oposa 10 anavulala ndipo sukuluyo inasamutsidwa. Palinso magulu a zikwanje amene amalanda miyala ya anzawo, amene anthu anawapatsa dzina lakuti Mashurugwi, dzina limene anthu abwino a ku Shurugwi amadandaula nalo.

Mlimi wa kumunsi kwa mtsinje amalipira nawo ngakhale sanagwirepo fosholo. Posiyanitsa golide ndi mchenga okumba amagwiritsa ntchito mekyule, ndipo pa zigayo za miyala amathira sayanaidi. Mekyule sawola. Amakhala m'matope, amalowa m'nsomba, ndipo utsi wake powotcha umawononga ubongo wa wowotchayo ndi wa mwana amene ali kumsana kwa mayi wothandiza ntchitoyo. Magombe akagumulidwa mchenga umadzaza maiwe amene ng'ombe zinkamwamo m'chilimwe. Mu 2024 boma linaletsa kukumba m'mitsinje m'dziko lonse. Owerenga a ku Makanjira, ku Nkhotakota, ku Petauke ndi ku Chifunde, kumene golide wayambanso kukoka anyamata kuchoka m'minda, akudziwa okha kuti kuletsa pa wailesi n'kosavuta.

Empress ndi Manhize

Kumunsi kwa mtsinje, m'dera la Zhombe, kuli malo amene amasonyeza kuti mgodi ukafa si zonse ziyenera kufa nawo. Mgodi wa nikelo wa Empress unatsekedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Nyumba zake sizinasiyidwe kuti zigwe: zina zinasanduka sukulu ya zaulimi ya Rio Tinto, imene yaphunzitsa alangizi ambiri a m'dzikomo. Damu la Ngondoma, pa mtsinje umene umathira mu Munyati, limene linkapereka madzi ku mgodiwo, likuthirira minda ya alimi ang'onoang'ono a sikimu ya Ngondoma. Amalima chimanga chachiwisi, nyemba, therere ndi masamba, n'kumagulitsa ku Kwekwe ndi ku Kadoma. Mavuto a masikimu onse aliponso: ngalande zong'ambika, mikangano ya madzi, mavenda ogula motchipa. Koma banja lokhala ndi kachigawo ka munda wothirira limadya m'chaka cha chilala, ndipo ana ake sathamangira kudzenje ali ndi zaka 14.

Kumtunda kwa mtsinje womwewu, pa Manhize kufupi ndi Mvuma, kampani ya Dinson, nthambi ya kampani ya ku China ya Tsingshan, yamanga fakitale yatsopano ya zitsulo imene inayamba kutulutsa chitsulo mu 2024. Mabanja ena a m'deralo anachotsedwa pa minda yawo kuti ntchitoyi ichitike. Ofuna ntchito akubwera kuchokera m'zigawo zonse, ena mwa iwo ana a amisiri akale a ku Redcliff, ndipo pali mapulani omanga tauni yatsopano pafupi ndi fakitaleyo. Nyumba zoyamba za ogwira ntchito zaima kale m'mizere.